Mafunso a Owerenga: Kodi Yoga Ingathandize Munthu Kuika Maganizo pa Chinthu Chimodzi?

Mwezi uno talandira makalata angapo ofunsa za yoga, njira yochokera ku India yophunzitsira thupi, kapumidwe ndi maganizo, ndipo ambiri mwa iwo akudandaula za chinthu chimodzi, chomwe ndi maganizo osakhazikika. Tasankha makalata asanu, ndipo ena tawafupikitsa.

Funso: Alangizi, ndine wophunzira wa chaka chachitatu pa yunivesite, ndipo vuto langa ndi lakuti ndikatsegula buku ndimawerenga ndime imodzi katatu kapena kanayi osatolapo kanthu, chifukwa maso amakhala pa tsamba koma mtima uli kwina. Mnzanga anandilangiza kuti ndiyambe yoga. Ndayesa kwa milungu iwiri potsatira mavidiyo a pa intaneti, koma ndikangokhala pansi n'kutsinzina, m'pamene maganizo amachuluka kuposa kale. Kodi ndikulakwitsa pati, kapena yoga si ya anthu ngati ine?

Yankho: Zimene mukuziona ngati kulephera ndi chizindikiro choyamba chakuti ntchito yayambika. Maganizo anu sanachuluke m'milungu iwiri imeneyi, ankayendayenda chomwecho kuyambira kale, kungoti panalibe amene ankawayang'anira. Munthu akatsegula zenera la chipinda chimene chakhala chotseka kwa nthawi yaitali, fumbi limene amaliona likuuluka m'kuwala kwa dzuwa silinabwere ndi kuwalako. Mu 2010, ofufuza awiri a pa yunivesite ya Harvard, Matthew Killingsworth ndi Daniel Gilbert, ankafunsa anthu 2,250 kudzera pa mafoni awo, pa nthawi zosiyanasiyana za tsiku, ngati maganizo awo anali pa chimene ankachita panthawiyo, ndipo anapeza kuti pafupifupi maulendo 47 mwa 100 alionse maganizowo anali kwina. Choncho inu simuli m'gulu la anthu apadera amene yoga inawakana.

Dandaulo lanuli ndi lakale kwambiri kuposa mafoni ndi mayeso. M'buku la ku India lotchedwa Bhagavad Gita, m'mutu 6, msilikali Arjuna akudandaulira Krishna, mulungu wa Ahindu, kuti kulamulira maganizo n'kovuta ngati kugwira mphepo, ndipo Krishna sakumutsutsa, akungomuuza kuti zimatheka mwa kuyeserera mosalekeza ndi kuleka kukakamira zinthu. Liwu lakuti yoga linachokera ku chinenero cha Sanskrit, ku tsinde lotanthauza kumanga m'goli, ndipo aliyense amene anaonapo ng'ombe yaing'ono ikuphunzitsidwa goli akudziwa kuti tsiku loyamba siyenda mowongoka. Imapatuka, mwiniwake amaibweza, imapatukanso, amaibwezanso, ndipo kubwezako ndiko kuphunzitsa kwenikweniko. Ngati pa mphindi 5 maganizo anu athawa maulendo 30 ndipo mwawabweza maulendo 30, ndiye kuti mwachita zolimbitsa chidwi maulendo 30, ndipo mwapindula kuposa munthu amene wakhala chete mphindi zomwezo akulota ali maso osazindikira n'komwe kuti wachoka.

Pali chimodzi chokha chimene ndikuona kuti mungakonze, ndicho malo amene mwayambira. Patanjali, amene anasonkhanitsa chiphunzitso cha yoga m'ziganizo zifupizifupi pafupifupi 196 zotchedwa Yoga Sutra zaka zoposa 1,500 zapitazo, anachigawa m'magawo 8. Awiri oyamba ndi a makhalidwe a munthu, lachitatu ndi la kakhalidwe ka thupi, lachinayi ndi la kapumidwe, lachisanu ndi la kuchotsa maso ndi makutu pa zinthu zakunja, ndipo kuika maganizo pa chinthu chimodzi, kumene iye anakutcha dharana, kumabwera pa nambala 6. Inu mwalumphira pamenepo tsiku loyamba. Ndikukulangizani kuti mubwerere ku thupi, ndipo muyambe maso ali otsegula.

Imani osavala nsapato pafupi ndi khoma, kenako sankhani kadontho kamodzi kosayenda komwe kali patsogolo panu molingana ndi maso, kaya ndi msomali kapena kachilema ka pa penti. Aphunzitsi a yoga amatcha kuyang'ana kotereku drishti. Tsamiritsani thupi lonse pa mwendo wamanzere, kwezani phazi lamanja n'kuliika pa katumba kapena m'kati mwa ntchafu ya mwendo woimawo, koma osati pa bondo penipeni, ndipo mugwirizanitse zikhatho pachifuwa. Kaimidwe kameneka kamatchedwa vrikshasana, kutanthauza kuima ngati mtengo. Khalani chomwecho mpaka mutapuma maulendo 5 kapena 8, kenako sinthani mwendo. Ndimakonda kuyambira pamenepa chifukwa chakuti thupi silinama. Kuti munthu aime ndi mwendo umodzi, ubongo umafunika kuphatikiza uthenga wochokera ku maso, ku ziwalo za m'kati mwa khutu, ndiponso ku minofu ya phazi ndi akakolo, ndipo kwa munthu wongoyamba kumene, maganizo akangothawira ku mayeso a mawa, maso amachoka pa kadontho kaja ndipo thupi limayamba kudzandira nthawi yomweyo. Buku silichita zimenezi. Mukhoza kutsiriza tsamba lonse mtima uli kwina, bukulo osakudzudzulani, pamene mwendo umakuuzani pasanathe sekondi imodzi.

Mukatero, chitani mayendedwe ena atatu kapena anayi osavuta, monga kukweza manja pokoka mpweya ndi kuwerama pang'onopang'ono poutulutsa, kapena kugwada n'kugwira pansi ndi manja, n'kumapinda msana m'mwamba ndi pansi motsatana ndi mpweya. Lamulo lake ndi limodzi, lakuti thupi lisayende mpweya usanayambe, ndipo lisaime mpweya usanathe. Lamulo limeneli ndi limene limasiyanitsa yoga ndi kungodziwongola wamba, chifukwa munthu sangathe kulitsatira akuganiza zina.

Tsopano m'pamene mungakhale pansi, pa mpando kapena pa mkeka, msana uli wowongoka koma osaumitsa mapewa. Munthu wamkulu akakhala phee amapuma maulendo 12 mpaka 20 pa mphindi. Inu yesani kukoka mpweya kudzera m'mphuno kwa masekondi 4 ndi kuutulutsa kwa masekondi 6, zimene zimatsitsa kapumidwe kufika pa maulendo 6 pa mphindi. Mtima wa munthu umafulumira pang'ono akamakoka mpweya ndipo umachepetsa liwiro akamautulutsa, chifukwa cha ntchito ya mtsempha wotchedwa vagus umene umachokera ku ubongo kupita ku mtima, mapapo ndi m'mimba, choncho kutalikitsa nthawi yotulutsa mpweya kumathandiza thupi kuchoka m'mkhalidwe wa mantha. Zimenezi n'zofunika kwa wophunzira, pakuti nthawi zambiri chimene chimabalalitsa maganizo pa buku ndi nkhawa ya mayeso omwewo amene akukonzekera. Buku la Hatha Yoga Pradipika, lolembedwa m'zaka za m'ma 1400, linanena kale mfundo yomweyi mwachidule, kuti mpweya ukamayendayenda maganizo amayendayendanso, ndipo mpweya ukakhazikika nawonso amakhazikika. Werengani mpweya uliwonse wotuluka kuyambira 1 mpaka 10, ndipo mukazindikira kuti mwasokoneza chiwerengero kapena mwafika pa 17 osadziwa, bwererani pa 1 popanda kudzikalipira. Kudzikalipira nakonso ndi ganizo lina lowonjezera, ndipo kumatenga nthawi yaitali kuposa ganizo limene linakuberani poyamba lija.

Zonsezi zisapitirire mphindi 15, ndipo muzizichita tsiku lililonse musanayambe kuwerenga. Patanjali analemba kuti kuyeserera kumazika mizu kukachitika kwa nthawi yaitali, mosadukiza, ndiponso ndi mtima wonse, ndipo ine ndingasankhe mphindi 15 za tsiku ndi tsiku kusiyana ndi maola awiri a kamodzi pa mlungu. Mukatsegula buku, chitani chimodzimodzi monga munachitira ndi mpweya. Khalani ndi pensulo m'manja, ndipo nthawi iliyonse imene mwazindikira kuti mtima wachoka, lembani kadontho m'mphepete mwa tsamba n'kubwerera pa chiganizo chomaliza chimene mukuchikumbukira. Koma ndisakubisireni kuti foni ikakhala pa tebulo lomwelo, ikulira ndi kuwala mphindi iliyonse, mukuthira madzi m'dengu. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Isiyeni m'chipinda china kwa ola limene mukuwerenga.

Funso: Alangizi, ndine bambo wa zaka 52 ndipo ndimagwira ntchito yowerengera ndalama, imene imafuna kuti munthu asaphonye ngakhale nambala imodzi. Ndimathamanga m'mawa katatu pa mlungu. Mwana wanga wamkazi akundiumiriza kuti ndiyambe yoga, koma ine ndimaona ngati ndi fashoni chabe. Kodi pali umboni weniweni wakuti imanola ubongo, kapena masewera alionse olimbitsa thupi amachita zomwezo?

Yankho: Bambo, kukayika kwanu n'koyenera, chifukwa zambiri zimene zimalembedwa zokhudza yoga zimalonjeza zoposa zimene kafukufuku wapeza. Umboni ulipo, koma ndi wapakatikati. Mu 2013, Neha Gothe ndi anzake a pa yunivesite ya Illinois ku America anafalitsa zotsatira za kafukufuku amene anayankha funso lanu lenilenilo. Anatenga ophunzira aakazi 30, ndipo tsiku lina anawachititsa yoga kwa mphindi 20, tsiku lina n'kuwachititsa masewera oyenda ndi kuthamanga pa makina kwa mphindi 20 zomwezo. Pambuyo pa chilichonse ankawapatsa mayeso a pa kompyuta oyesa luso losunga zinthu m'mutu kwa kanthawi ndi luso lonyalanyaza zosokoneza, ndipo ophunzirawo anayankha mofulumira ndi molondola kwambiri atachita yoga kusiyana ndi atathamanga. Chaka chotsatira, gulu lomwelo linayesa anthu oposa 100 a zaka 55 kupita m'tsogolo, ena akuchita yoga katatu pa mlungu kwa milungu 8, ena akuchita zodziwongola ndi zolimbitsa minofu kwa nthawi yofanana, ndipo a yoga ndi amene anapita patsogolo pa mayeso a kukumbukira ndi kusintha msanga kuchoka pa ntchito ina kupita pa inzake.

Monga munthu wodziwa manambala, mwaona kale pofooka pake. Anthu 30 ndi ochepa, kafukufuku woyamba uja anayesa zimene zimachitika mphindi zochepa munthu akangotsiriza, ndipo palibe njira yobisira munthu kuti akuchita yoga monga mmene amabisira mankhwala enieni ndi achabe poyesa mapiritsi, choncho chiyembekezo cha wochitayo chikhoza kulowererapo. Pamene Gothe ndi Edward McAuley anaunika pamodzi kafukufuku wosiyanasiyana mu 2015, anapeza phindu lapakatikati, makamaka pa chidwi ndi liwiro la kaganizidwe. Phindu lotere ndi loyenera mphindi 15 za munthu, koma silisandutsa munthu kukhala wina.

Kuthamanga musakusiye. Bungwe la World Health Organization limalangiza munthu wamkulu kuchita masewera olimbitsa thupi apakatikati kwa mphindi 150 mpaka 300 pa mlungu, ndipo yoga yofatsa siyifikitsa mtima pa liwiro limene kuthamanga kumaufikitsa. Kusiyana kwake n'kwakuti mukhoza kuthamanga makilomita 5 mukuwerengera msonkho m'mutu, miyendo ikugwira ntchito yokha, pamene yoga yochitidwa bwino siyilola zimenezo. Ndikanakhala inu ndikanaiika masana, pa nthawi imene manambala amayamba kusakanikirana m'maso, m'malo mwa kapu yachitatu ya khofi. Ndiwonjezepo chimene simunafunse, kuti ngati mumagona maola osakwana 7 usiku, yambani mwakonza zimenezo, chifukwa palibe kaimidwe ka thupi kamene kangabweze chidwi chimene tulo tosakwanira tachotsa. Mwana wanuyo akunena zoona, ngakhale kuti mwina akuzikometsera pang'ono.

Funso: Alangizi, ndine mayi wopemphera, ndipo ndimavutika kuika maganizo pamodzi ngakhale pa nthawi ya pemphero. Ndinkafuna kuyesa yoga, koma ena akuti ndi kupembedza milungu yachilendo. Ndithandizeni.

Yankho: Mayi, sindikuuzani kuti amene akukuchenjezaniwo akungopeka nkhani. Yoga inabadwira m'zipembedzo za ku India, makamaka Chihindu, ndipo Abuda ndi Ajaini ali nayonso m'miyambo yawo. Cholinga cha Patanjali sichinali kukhoza mayeso kapena kuchiza msana, chinali kumasuka kwa mzimu monga mmene iye ankakumvetsera. Liwu lakuti Om limene magulu ena amaimba poyamba ndi potsiriza ndi lopatulika kwa Ahindu, ndipo mndandanda wa mayendedwe wotchedwa surya namaskar umatanthauza kulonjera dzuwa. N'zoonanso kuti yoga yambiri imene ikuphunzitsidwa masiku ano inaumbidwa m'zaka za m'ma 1900, makamaka kudzera mwa Tirumalai Krishnamacharya amene ankaphunzitsa mumzinda wa Mysore ku India m'zaka za m'ma 1930, ndi ophunzira ake monga B. K. S. Iyengar ndi Pattabhi Jois, ndipo m'malo ambiri imaphunzitsidwa ngati masewera olimbitsa thupi popanda pemphero lililonse. Bungwe la United Nations litakhazikitsa 21 June kukhala tsiku lokumbukira yoga pa dziko lonse mu December 2014, linatsindika za thanzi.

Za chikumbumtima chanu sindingakugamulireni, ndipo ndi bwino kuti mukambirane ndi atsogoleri a mpingo wanu. Chimene ndinganene n'chakuti zinthu zimene zimalimbitsa chidwi, zomwe ndi kuyang'ana malo amodzi, kupuma pang'onopang'ono ndi kubweza maganizo akathawa, sizifuna kuti mutchule dzina la mulungu aliyense kapena kuimba mawu amene simukuwamvetsa. Mu 2001, dokotala wa ku Italy Luciano Bernardi ndi anzake analemba m'magazini ya zachipatala ya BMJ kuti anthu amene ankapemphera kolona m'Chilatini ndi amene ankabwereza mawu opatulika a yoga, onse kapumidwe kawo kanatsika kufika pa maulendo pafupifupi 6 pa mphindi, ndipo kagundidwe ka mtima kanasintha mofanana. Choncho mwina chimene mukuchifuna chili kale m'nyumba mwanu. Musanayambe pemphero, khalani mowongoka, pumani pang'onopang'ono maulendo 10, kenako nenani mawu a pempherolo mosafulumira, chiganizo chimodzi pa mpweya umodzi wotuluka. Mukafuna kulowa m'gulu lophunzira yoga, funsani mphunzitsi musanayambe ngati pamakhala kuimba kapena mapemphero, ndipo mphunzitsi wabwino sakhumudwa ndi funso lotere.

Funso: Alangizi, ndine mayi, ndipo mwana wanga wamwamuna wa zaka 9 sakhazikika m'kalasi, amaiwala zinthu ndipo satsiriza ntchito imene wapatsidwa. Aphunzitsi ake atopa naye. Kodi yoga ingamuchiritse?

Yankho: Mayi, ikhoza kumuthandiza, koma liwu lakuti kuchiritsa ndi lalikulu. Choyamba mupite naye kwa dokotala kuti akamuone maso ndi makutu, chifukwa mwana amene sakuona bwino pa bolodi kapena sakumva bwino aphunzitsi amaoneka ngati wosamvera, ndipo muonetsetse kuti akugona maola 9 mpaka 12 amene ana a msinkhu wake amafunika. Ngati khalidweli lakhalapo kwa miyezi yoposa 6, kunyumba ndi kusukulu komwe, akatswiri angafune kumuyeza ngati ali ndi vuto lolephera kukhazikika ndi kuika maganizo pa chinthu chimodzi lotchedwa ADHD, lomwe si ulesi kapena mwano, ndipo lili ndi chithandizo chake chimene yoga singalowe m'malo mwake.

Pochita naye yoga, musamukhazike pansi n'kumuuza kuti atsinzine kwa mphindi 10, chifukwa mungodana. Isanduleni masewera. Muime nonse ngati mitengo n'kuona amene ayambe kugwa, kapena agone chagada, muike kachidole pamimba pake, aziyang'ana mmene kakukwerera ndi kutsika pamene akupuma. Mphindi 3 mpaka 5 asanayambe ntchito ya kusukulu n'zokwanira, ndipo muzimuyamikira pamene wabwerera atasokonezeka, osati pokhapokha pamene wakhala chete. Musaigwiritse ntchito ngati chilango akalakwa.

Funso: Alangizi, ndine bambo wa zaka 60 ndipo ndimamwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi. Ndinawerenga kuti kuima ndi mutu kumapititsa magazi ambiri ku ubongo, ndipo kuyang'anitsitsa lawi la kandulo osaphethira kumanola maganizo. Ndiyambe ndi chiti?

Yankho: Bambo, kuima ndi mutu kusiyeni. Ubongo uli ndi njira yake yosungira mlingo wa magazi amene umalandira kuti usasinthe kwambiri ngakhale thupi litazondoka, choncho phindu limene munawerengalo palibe, pamene ngozi yake ndi yeniyeni. Kuzondoka kumakweza mphamvu ya madzi a m'diso, zimene zili zoopsa kwa anthu odwala matenda a maso otchedwa glaucoma, ndipo kumasenzetsa mafupa a khosi katundu amene sanapangidwire. Pewaninso kugwira mpweya kwa nthawi yaitali ndi kapumidwe kothamanga kokankha mimba kotchedwa kapalabhati. Chenjezo lomweli likupitanso kwa amayi oyembekezera ndi anthu odwala mtima.

Kuyang'ana lawi, kumene kumatchedwa trataka, kuli m'buku la Hatha Yoga Pradipika lija, momwe akulangiza kuyang'ana chinthu chaching'ono mpaka misozi ituluke. Inu simukufunika kufika pa misozi, ndipo lawi silikufunikanso. Jambulani kadontho kakuda pa pepala loyera, limateni pa khoma molingana ndi maso pamene mwakhala pa mpando, ndipo muliyang'ane kwa mphindi imodzi kapena ziwiri mukuphethira monga mwa nthawi zonse, kenako tsinzinani n'kupuma maulendo 10 mwa kukoka masekondi 4 ndi kutulutsa masekondi 6. Mukamva chizungulire, bwererani ku kapumidwe kanu ka masiku onse, ndipo podzuka pa mpando mudzuke pang'onopang'ono, chifukwa mankhwala ena a kuthamanga kwa magazi amachititsa chizungulire munthu akaimirira mwadzidzidzi. Mankhwalawo mupitirize kumwa monga mmene adokotala anakulemberani, ndipo mukapita kukayezetsa ulendo wotsatira muwauze kuti mwayamba zimenezi.